Makombola a pa konsati ya mafumu a ku Britain amaoneka bwino pa kanema, athu amangotuwa. Vuto lili pati?

Wakamera_Luchenza

Akuluakulu odziwa za kanema, ndigaireniko nzeru. Pa YouTube pali konsati ya pa 4 June 2012, pomwe Mfumukazi Elizabeth II inkakondwerera zaka 60 ili pampando, ndi ina ya ku Windsor mu 2023, Mfumu Charles III italongedwa ufumu. Kumwamba kumaoneka kwakuda bii, mitundu ya makombola yosiyana bwinobwino, nyimbo zikumveka ngakhale kukuphulika. Ife tikajambula pa ukwati kapena pa chaka chatsopano timangotola kuwala koyera mbee, utsi, ndi mawu ong'ambika. Mu June muno kuli chikondwerero pa bwalo la mpira cha ku Thyolo: bandi iyimba, kenako makombola, ndipo eni mwambo akufuna zionekere pa Facebook pompopompo. Zida ndi makamera awiri ndi foni. Ndiyambire pati?

Mkulu_wa_ku_Chitakale

Achimwene, poyamba tisiyanitse. Makombola ambiri munawaona ndi a 2012, kutsogolo kwa Buckingham Palace, kumapeto kwa konsati. Pa 4 June 2022 ku Buckingham Palace, pa konsati ya zaka 70 za Mfumukazi ili pampando, ndi pa 7 May 2023 ku Windsor Castle, zithunzi zomwe zinkajambulika kumwamba zinali za madironi okhala ndi magetsi a LED. Amenewo satulutsa utsi ndipo kuwala kwake sikudumpha, choncho kuwajambula n'kofewa. Musadzipweteke mutu kuwayerekeza ndi makombola anu.

Tsono chomwe a BBC, omwe anaulutsa makonsatiwo, amachita n'chakuti wogwira kamera sasintha yekha kuwala. Iye ntchito yake ndi kuloza ndi kuika focus. Kamera iliyonse imalumikizidwa ku galimoto youlutsira, ndipo m'menemo muli munthu wina amene dzanja lake lili pa iris, chibowo cholowera kuwala mu lens, kutsegula ndi kutseka, n'kumafananitsa mtundu wa makamera onse. Ku London mu June dzuwa limalowa itadutsa 9 koloko madzulo, ndiye konsati imayamba kukuwala, n'kutha kuli mdima, ndipo anthu amenewa amakhala akusintha mpaka mapeto. Kuno zimenezo mulibe nazo ntchito, mu June ikamakwana 6 koloko kwada kale.

Chomwe chimatuwitsa zithunzi zanu ndi auto. Kamera ikaona mdima imakweza ISO kuti iwalitse kumwamba, khombola likaphulika limapeza kamera ili chitsegukire, mitundu yonse n'kupsa kukhala yoyera. Ikamati ibweze, khombola lazima. Chotsani zonse pa auto. Ikani mafulemu 25 pa sekondi, shutter (nthawi yomwe kuwala kumalowa pa fulemu iliyonse) 1/50 ya sekondi, aperture (ndiyo iris ija) pakati pa f/5.6 ndi f/8, ISO muyambire pa 400. Makombola awiri atatu oyamba ndi oyesera: ofiira akamaoneka ngati apinki kapena oyera, tsekani pang'ono kapena tsitsani ISO. Kumwamba kukhale kwakuda ndithu, musakuope. White balance, yomwe imawongola mtundu wa chithunzi, muimange pamodzi, cha m'ma 4000K, chifukwa ikakhala pa auto mtundu umasintha khombola lililonse. Obiriwira ndi ofiira amagwidwa mosavuta, koma abuluu, omwe mtundu wake umachokera ku kopa, amakhala ofooka ndipo ndi amene amayamba kusowa mukatseka kwambiri.

Focus nayo ikhale ya manja. Lozani getsi lakutali, monga la pa fakitale ya tiyi kapena pa nsanja ya netiweki, likaoneka kadontho kakuthwa matani tepi pa lens kuti isasunthe. Kamera imodzi ikhale pa tripod, yotambasula, kumwamba kutenge magawo awiri mwa atatu, pansi pazioneka siteji ndi mitu ya anthu. Imeneyo musaikhudzenso. Yachiwiri izitola nkhope za anthu akuyang'ana kumwamba. Onerani bwino konsati ya 2012 ija, muona kuti amadula pafupipafupi kuchoka kumwamba kupita pa khamu ndi pa nyumba yachifumu. Makombola okhaokha mphindi zisanu amatopetsa maso.

Mayi_Sound_Limbuli

Za zithunzi akulu afotokoza. Ine nditengepo za mawu, chifukwa ndi pomwe mavidiyo ambiri akuno amafera.

Zomwe mumamva pa konsati zija sizichokera ku maiki ya pa kamera. Maiki iliyonse ya pa siteji imagawidwa, njira ina kupita kwa wosakaniza mawu a pabwalo, ina kupita kwa wosakaniza mawu a pa kanema. Ndiye pamakhala maiki ena oloza khamu, otola m'manja ndi nthungululu, omwe amawonjezera pang'ono chabe. Pa zionetsero zikuluzikulu chotere makombola amayatsidwa ndi kompyuta yomwe ikutsatira nthawi ya nyimbo, n'chifukwa chake amaphulika pa ng'oma penipeni.

Inu chitani chonchi. Pemphani wa PA akupatseni aux out, potulukira mawu papadera pa mikisa yake, osati mawu opita ku masipika akuluakulu, chifukwa iye akakweza volume ya pabwalo inunso mukwera nayo. Pa kamera sankhani LINE. Mukalowetsa mawu a mikisa pa MIC ang'ambika ngakhale mutsitse bwanji, popeza mphamvu yake imakhala yaposa kale polowera. Bandi ikamayesa zida masana, ikani mawu azifika pa -12 dB pakakwera kwambiri. Pa channel yachiwiri ikani maiki yotola bwalo, yovekedwa chotchinga mphepo, yotsika cha pa -20 dB, limiter (yoletsa mawu kukwera mpaka kung'ambika) yoyaka. Auto gain izimitsidwe: khombola likaphulika imagwetsa mawu onse, kenako n'kumakwera pang'onopang'ono, nyimbo zimamveka ngati zikupuma.

Kukamveka kulira kwa "hmmm" kosalekeza, ndiye kuti kamera ndi mikisa zikudya magetsi osiyana. Yendetsani kamera pa batire, kapena ikani kabokosi kotchedwa DI box pakati pa mikisa ndi kamera n'kudina batani lake la ground lift.

China chomwe ambiri sachidziwa: mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, pomwe kuwala kumafika nthawi yomweyo. Khombola likaphulika pa mtunda wa mamita 100, phokoso lifika patadutsa pafupifupi mafulemu 7. Kumeneko si kulakwa kwa kamera, ndipo pa makombola musavutike kukonza, maso a anthu anazolowera. Koma pa woyimba zimaoneka msanga. Mawu a ku mikisa amafika pompo, a maiki ya pa kamera yomwe ili kutali ndi siteji amafika mochedwa, mukawaphatikiza mofanana pamveka ngati anthu awiri akuyimba motsatana. Pokonza vidiyo sunthani a pabwalowo agwirizane, kapena muwatsitse kwambiri bandi ikamayimba.

Fundi_Bvumbwe

Bambo a ku Chitakale, pa shutter ndikutsutsaniko pang'ono. 1/50 ndi yabwino pa kamera yoloza siteji, chifukwa magetsi a ESCOM ndi a 50 Hz ndipo mababu sangaphethire. Koma pa kamera yoloza kumwamba 1/25 imakoka michira ya makombola kukhala italiitali, yokongola kuposa. Ingokumbukirani kuti kuwala kwawirikiza kawiri, ndiye tsekani aperture sitepe imodzi. Ndipo ngati bwalo likuyendera jenereta, 50 Hz ija siikhazikika, imatsika ma amplifier akakoka. Mizere yakuda ikamayenda pa chithunzi, yesani 1/60 kapena 1/100 muone pomwe ileke. Mafoni ambiri amabwera ali pa mafulemu 30, asintheni.

Pa za Facebook. Makombola ndi mdani wa intaneti yofooka. Pulogalamu youlutsira imatumiza chithunzi chathunthu kamodzi pa masekondi awiri, pakatipo imangotumiza zomwe zasintha. Munthu akamalankhula pa maiki zosintha n'zochepa. Khombola likamwaza timoto masauzande, kadontho kalikonse kasintha, deta siikwana, chithunzi chimasweka kukhala timabokosi. Ngakhale pa dikoda ya kunyumba zimachitika pa zionetsero zotere. Mankhwala ake: ulutsani pa 720p, osati 1080p, pa 3 Mbps. Zimenezo zimadya pafupifupi 1.35 GB pa ola, ndiye konsati ya maola atatu ikufuna bandulo yoposa 4 GB, muonjezerepo ya chitetezo. Liwiro lotumizira likhale kawiri, 6 Mbps. Mukayeza masana bwalo lili pululu mudzinamiza, anthu akadzaza onse ali pa nsanja imodzi yomweyo. Khalani ndi SIM ya TNM ndi ya Airtel, ndipo makamera onse azijambulanso pa memory card. Musasakanizemo zidutswa za BBC, ndipo bandi ikayimba nyimbo za eni ake Facebook ikhoza kutseka mawu pakati pa mwambo.

Tsono June wa ku Thyolo mukumudziwa. Chiperoni chikatsika, makombola okwera kwambiri amalowa mu nkhungu, mumangoona mtambo ukusintha mtundu. Palibe setting yochiza zimenezo, gwirizanani ndi woyatsa kuti usiku wotero agwiritse ntchito otsika. Mpweya ukakhala wachinyontho ndi wabata utsi sumwazika, ndiye makombola oyamba ndi amene amatuluka oyera bwino, omaliza amabisika. Muuzeni azisiya masekondi angapo pakati. Imani mphepo ikuombeni kumsana kuti utsi uzithawa kamera. Nyengo imeneyi kawirikawiri ndi mwera, wochokera kummwera chakummawa, koma ponyani udzu m'mwamba mutsimikize musanaimike tripod. Tulutsani makamera m'chikwama theka la ola nthawi isanakwane kuti lens izolowere kuzizira, khalani ndi kansalu kouma, ndi pulasitiki yophimba kamera.

Mkulu_wa_ku_Chitakale

1/25 ndavomera, bola kamerayo isasunthe, mukangoiyendetsa chithunzi chonse chipakika. Ndiwonjezere za mtunda. Lamulo lomwe amatsata ku America ndi mamita pafupifupi 21 pa inchi iliyonse ya kukula kwa khombola lokwera m'mwamba, ndiye la mainchi atatu likufuna mamita oposa 60 kuchoka pa anthu, nyumba zofolera udzu ndi magalimoto. Kamera yanu ikhale kumbuyo kwa khamu, kutali kuposa pamenepo, apo ayi muzingoweramutsa khosi ndipo makombola azidukira pamwamba pa chithunzi. Eni mwambo adziwitse apolisi ndi amfumu a deralo kusanade, ndipo woyatsa akupatseni ndondomeko yolemba: ayamba nthawi yanji, ndi angati, lalikulu ndi liti.