Ndithandizeni: kodi wofufuza wolembedwa ganyu amaloledwa kufika pati?

Moni abale. Ndine mayi wa kuno ku Chipata, ndimagula soya ndi mtedza kwa alimi a ku Katete ndi Chadiza. Bambo wina amene tinkachita naye malonda anatenga matumba anga pangongole, akuti adzalipira akagulitsa ku Lusaka. Foni sakuyankha, ndipo panyumba ya lendi anasamukapo. Kupolisi anandiuza kuti za ngongole n'zakukhoti. Nanga masamoni akawapereka kuti, munthu osadziwika kumene ali?

Mnzanga wa mumsika wa Kapata anandilozera mnyamata amene amafufuza anthu ukamulipira. Zoti azikafunsa kwa madalaivala ndi kumadepoti sizikundivuta. Chandiopsa n'chakuti akuti ali ndi munthu kukampani ya mafoni amene angamutulutsire manambala onse amene bamboyo amaimbira, ndi ndalama zolowa pafoni yake. Akutinso akapita kwa akazi a bamboyo n'kunena kuti ndi wapolisi, kuti mayiyo aulule msanga. Mayi amene uja sanandilakwire, ndipo ali ndi ana aang'ono.

Ndalamazo ndikuzifuna, ndi mpamba wanga wonse, ndipo alimi ena sindinawalipire. Koma ndikamulipira mnyamatayu, mlandu sugwera ine? Odziwa malamulo ndiuzeni.

Yankho: Mayi, musayerekeze. Kudzitcha wapolisi ndi mlandu mu Penal Code, buku la malamulo a milandu, ndipo wotuma amaimbidwa mlandu limodzi ndi wochita. Za manambalazo, Data Protection Act ya 2021 imaletsa kutulutsa zinsinsi za munthu popanda chilolezo chake kapena cha lamulo. Apolisi enieni amayamba atenga chikalata kukhoti kampani isanawapatse. Wofufuza wotere alibe mphamvu yoposa yanu kapena yanga: samanga munthu, salowa m'nyumba ya eni, salanda katundu. Olanda katundu ndi mabelifu, khoti likagamula.

Yankho: Kufunsa anthu, kuona kumene galimoto ya bamboyo imaima pamsewu, kuyang'ana zimene walemba poyera pa Facebook, kapena kufufuza ku PACRA, bungwe la boma lolembetsa makampani, ngati ali ndi kampani, zonsezo zilibe vuto. Mnyamatayo akangopeza kumene bamboyo akukhala, ntchito yake yatha. Mulemberane papepala zimene mwamutuma, ndipo musalipire zonse poyamba.

Yankho: Bwererani kupolisi amayi, mukafotokoze bwino. Ngati bamboyo anakunamizani kuti atenge katundu, umenewo ungakhale mlandu wopeza katundu mwachinyengo, osati ngongole chabe. A Legal Aid Board, omwe amathandiza anthu pa nkhani za malamulo, ali ndi ofesi mu Chipata momwemo, pitani ndi mauthenga onse a pafoni.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse. Mauthenga ndili nawo, ndi kabuku kamene anasainamo tsiku lotenga matumba. Funso lina: ngati wawoloka pa Mwami n'kukabisala ku Mchinji, masamoni a khoti la kuno angamufikire kumeneko?