Thandizeni, ndi kalongonda kapena chitedze?

Membala wosadziwika: Abale mtima suli m'malo. Ndili ku Domué kuno ku Angónia. Alamu anga anandipatsa mbewu zakuda m'kachitini akuti ndi kalongonda amabwezeretsa chonde, poti feteleza sindingakwanitse, bambo a kunyumba anapita ku Moatize mu Ogasiti olo 100 meticais sanatumizepo, ukawaimbira akuti netiweki. Ndinabzala m'mbali mwa chimanga pano chayanga mpaka mumtengo wa mapichesi wa aneba, maluwa a pepo ali lende. Aneba omwewo mbuzi zawo zinandithera nyemba chaka chatha osapepesa, lero akuti ndabzala chitedze ndiwavulazira ana, akukandinenera kwa anyakwawa. Ndizule?

aPhiri wa ku Ulónguè: Mayi, nonse mukunena zoona pang'ono. Kalongonda ndi chitedze ndi MTUNDU UMODZI, Mucuna pruriens, banja la nyemba, Fabaceae. Wolimidwayo amati var. utilis, wam'tchire woyabwayo var. pruriens.

Nangozo: Musanditchulire chitedze ine, ndinachikhudza ndikutola nkhuni ku Furancungo, ndinavula chitenje panjira pomwe, agogo kundipaka phulusa thupi lonse koma usiku onse osagona. Zulani!

aPhiri wa ku Ulónguè: Azule bwanji asanaone makoko? Anthu inu kuwerenga ayi. Katswiri wa zomera Linnaeus anachitcha Dolichos pruriens, katswiri wina de Candolle ndiye anachisamutsira ku gulu la Mucuna mu 1825. Pachipwitikizi ndi feijão-macaco.

Jere: Aphunzitsi, de Candolle wanuyo akaperekeza mayiwa kwa anyakwawa? kkkk

Mayi a Chisomo: Ine langa ndi la abambowo. Kwerani chapa (minibasi) mukawaone ku Moatize, anga anayamba choncho.

Nabanda: Makoko atuluka kale? Ali ndi ubweya wofiirira woimirira kapena wofewa? Simunanene. Musagwire ndi manja.

aPhiri wa ku Ulónguè: Ndi zomwe ndikunena! Ndipo olo akhale kalongonda ali ndi mankhwala otchedwa L-dopa, amazunguza mutu. Ku Nampula mu 1989 anthu anasokonezeka mitu atadya osakonza bwino nthawi ya chilala.

Nangozo: Ndiye mwavomera kuti ndi poizoni.

Nabanda: Ayi, kwathu ku Zóbuè timadya, umawiritsa ndi kutaya madzi kangapo tsiku lonse, nkhuni zokha ndiye zimapweteka. Kaya sadzani nthambi zalowa kwa anebazo kaye.

Membala wosadziwika: Zikomo nonse, koma mbuzi zija alowetsanso m'mawa uno, ndiye wolakwa akhale ine?