Kodi "nkhuku yoweta sagula pamsika" akunena nkhuku kapena ukwati?

Wa ku Mitundu: Akuluakulu, ndithandizeni. Mnyamata wina wogulitsa mafoni ndamumva akuuza wogula kuti "nkhuku yoweta sagula pamsika," kutanthauza kuti foni uzigula m'sitolo, osati kwa oyenda nayo m'manja. Amalume akuti uko n'kuipitsa mwambi chifukwa ndi wa ukwati basi. Nanga nkhuku inalowamo bwanji?

Mayi wa ku Ntcheu: Amalume anuwo sananame. Agogo ankaunena mnyamata akabwera ndi mkazi amene kwawo sikudziwika. Koma mwambiwu unachokera kukhola la nkhuku. Munthu sagulitsa thadzi loikira bwino, loswa, lodziwa kulera anapiye. Lopita kumsika ndi lija lodya mazira, lothawa pachisa masiku 21 asanakwane, kapena lokalamba. Lili m'dengu miyendo yomanga, zonsezi simungazione.

Bambo wa ku Dedza: Ayi mayi, mwambiwu ukunena za nkhuku zakuba. Yandiwo mumapha tsiku lomwelo, nthenga n'kukwirira, nkhani yatha. Yoweta imayendayenda m'mudzi, mwini wake n'kuizindikira, inu n'kukagwada kwa amfumu. Agogo ankatero.

Woweta za Chikuda: Zakuba ziliko bambo, koma chimene chimasesa khola ndi chitopa. Nkhuku ziwiri zikafa pakhomo, mwini wake amagwira zotsalazo m'mamawa n'kuthamangira nazo kumsika zisanaonekere. N'chifukwa chake nyengo yotentha, kuyambira cha mu Ogasiti mpaka Novembala, mukaona nkhuku zatchipa mwadzidzidzi muzikayika. Ikatenga matendawa imatha masiku asanu kapena asanu ndi limodzi, nthawi zina mpaka sabata ziwiri, ikudya ndi kupalasa bwinobwino. Kenako imayamba kuodzera, mapiko kugwa, chitosi chobiriwira chamadzimadzi, zina khosi kupotoka. Pamenepo n'kuti yamwera kale m'chigoba chimodzi ndi zanu. Ndiponso ngakhale inachoka kwawo ili bwino, pamsika yatsamirana ndi nkhuku za midzi ingati?

Ngati palibe kuchitira mwina, yogulayo isafike kukhola. Ikani payokha patali sabata ziwiri, zitatu ndiye bwino koposa, ndi chomwera chakechake. Muziyamba kudyetsa zanu, iyo pomaliza, kenako kusamba m'manja. Vundukulani pansi pa mapiko ndi kumchira kuona nsabwe, kumaso kuona utitiri ndi tizilonda ta nthomba. Katemera wa chitopa ndi wa I-2 uja, dontho limodzi m'diso, nkhuku iliyonse ngakhale mwanapiye, miyezi inayi iliyonse. Botolo lisaone dzuwa. Ambiri amalakwitsa pothamangira kwa alangizi nkhuku zitayamba kale kufa. Katemera sachiza yodwala.

Bambo wa ku Dedza: Katemera wabwera dzulodzuloli. Makolo ankadziwa za I-2? Ankadziwa mlandu wa pabwalo. Ndi zakuba.

Mayi wa ku Ntcheu: Katemera samamudziwa, koma chitopa ankachidziwa bwino, bambo. N'chifukwa chake kunali chipazi. Umatenga msoti kwa mbale kapena mnansi, mayi wake wa msotiwo ukumudziwa: amaikira mazira angati, amaswa angati, mphamba akazungulira amawabisa ana kapena amathawa yekha. Ukaweta, zikaswana, mumagawana ndi mwini wake. Kufunsira mbeta kunkayendanso chimodzimodzi, ankhoswe ankayamba afufuza khomo.

Wa ku Mitundu: Ndiye kuti ndi mbuzi zomwe?

Wa Mbuzi ku Salima: Mbuzi bola, imaulula zaka zake pakamwa. Tsegulani muone mano akutsogolo a m'munsi, alipo asanu ndi atatu. Onse akakhala ang'onoang'ono, sinakwane chaka. Awiri apakati akakhala akuluakulu, yapitirira chaka pang'ono. Onse akuluakulu ndi ya zaka zinayi kapena kuposa, ndipo akayamba kuperepeseka ndi kutalikirana, imeneyo ndi ya chiwaya, musaiwete. Tsitsaninso chikope cha m'munsi: chikayera m'malo mofiira, njoka za m'mimba zaimaliza magazi. Gwirani bere ngati lili ndi zotupa zolimba. Zimene mano sanena ndi zoti imataya bere kapena imakana kuyamwitsa mwana. Zimenezo amadziwa ndi aneba a mwini wake.

Nkhumba ndiye musayese dala. Chigodola chilibe mankhwala ndipo kuno kulibe katemera wake. Kamwana kamodzi kogula mosadziwa kangakusiyeni ndi khola lopanda kanthu.

Mphunzitsi Wopuma: Chikundiwawa ine si foni ayi. Ana a masiku ano miyambi amaidula pakati, theka linalo n'kumalizira m'Chingerezi. Afunseni kusiyana kwa msoti ndi thadzi, angokuyang'anani. Kwa iwo nkhuku ndi ija ya sabata zisanu ndi imodzi yokhala mufiriji. Mwana woti sanatsekerepo khola madzulo angaumve bwanji mwambi umenewu?

Woweta za Chikuda: Komatu aphunzitsi, wa mafoni uja sanaphonye kwenikweni. Wamva zoti chinthu chokhala nacho nthawi yaitali uzidziwa kumene chachokera. Ndipo nkhuku za mtundu wa Mikolongwe zija timagula ndithu ndi ndalama, kusiyana kwake n'koti mumadziwa kochokera ndi msinkhu wake.

Mphunzitsi Wopuma: Foni imaswa anapiye?

Bambo wa ku Dedza: Taonani, mwafika nokha pa mawu anga. Foni ya m'manja anthu amaiopa chifukwa chiyani? Si kuti ingakhale yakuba? Mnyamatayo ndiye waumva mwambiwu kuposa nonsenu.

Mayi wa ku Ntcheu: Ndiye mwati mkazi wa pamsika uja nayenso ndi wakuba?

Bambo wa ku Dedza: Mwina ngwa mwini, mayi. Mwafufuza?