Thandizo: nyimbo za pa Made in Japan zikudukira panjira mu kompyuta youlutsira mawu

Naphiri: Akuluakulu, mwaswera bwanji? Ndapanikizika ndipo Lamlungu layandikira. Abwana andipatsa ola lathunthu la usiku kuti ndikonze pulogalamu ya Deep Purple, gulu la nyimbo za rock la ku Britain, poti omvera athu achikulire akhala akuipempha. Ndimafuna kuika nyimbo zojambulidwa mu studio pambali pa zomwezo za pa Made in Japan, chimbale chimene anajambula akuimba pamaso pa anthu ku Japan, kuti womvera adzimvere yekha kusiyana kwake. Dzulo poyeserera, Child in Time ya ku Japan itangoyamba, kompyuta inaidula n'kulowetsa nyimbo ina. Chachiwiri, anthu akaomba m'manja phokoso likumakwera ngati mvula pa malata. Chachitatu, nthawi siikukwana. Ndiyambire pati?

Mbewe: Achemwali, musanatsitse mtima, tiuzeni kaye: fayiloyo munaigwirapo?

Naphiri: Ndinaitsitsa mawu yonse, chifukwa pamene woimba wa gululi, Ian Gillan, akukuwa mita imafika pofiira.

Mbewe: Vuto lagona pomwepo. Nyimbo imeneyi imayamba ndi limba la Jon Lord likulira chapansipansi, kenako n'kumakwera mpaka kuphulika. Mutatsitsa fayilo yonse, chiyambi chija chinatsikiratu, ndiye silence detector, makina olowetsa nyimbo ina pakakhala chete, inaganiza kuti wailesi yazima. Njira zilipo ziwiri. Pemphani injiniya wanu atalikitse masekondi amene makinawo amadikira asanalowetse nyimbo ina, pa ola lokhalo, kenako abwezeretse. Apo ayi, mu Audacity, pulogalamu ya pa kompyuta yokonzera mawu, kwezani pang'ono chiyambi chokhacho ndi envelope, chida chokwezera kapena kutsitsa mawu pa gawo limodzi la fayilo, malo ofuula muwasiye momwe alili. Komanso musamayeze ndi nsonga ya phokoso. Gwiritsani Loudness Normalization, chida cha mu Audacity chofananitsa kukwera kwa mawu, mafayilo onse akhale pa muyezo umodzi. Ife timatsata wa EBU R128, muyezo wa mawailesi a ku Ulaya, womwe ndi -23 LUFS (LUFS ndi mlingo wa kukwera kwa mawu), koma funsani umene nyumba yanu imagwiritsa.

Gama: Za m'manjazo ndi purosesa ya ku transmitter, makina osalaza kukwera kwa mawu asanaulutsidwe. Oimba akangosiya, iyo imaona ngati mawu achepa n'kukokera m'mwamba chilichonse chotsala. Tsitsani m'manjamo nokha mu fayilo, ndipo muyambe kulankhula anthu akadaomba. Za nthawi, ine ndingati dulani. Space Truckin' ya pa Machine Head, chimbale chawo cha mu studio, ndi mphindi 4 ndi theka, ya ku Japan pafupifupi 20. Ikafika pa mphindi 5 itsitseni pang'onopang'ono, palibe angadandaule.

Madala Chisale: Ana anga, ndawerenga zonse. A Mbewe alankhula zoona. Koma a Gama, pa kudulapo ndiye ndakana.

Ndakhala pa desiki kuyambira nthawi ya matepi a reel, ndipo zimbale ziwirizi ndazimvera mpaka kuzidziwa ngati njira ya kumunda. Machine Head anaijambula mu December 1971 ku Montreux, m'dziko la Switzerland, ndi galimoto yojambulira ya Rolling Stones. Amafuna kujambulira mu casino, koma pa 4 December nyumbayo inapsa Frank Zappa akuimba, munthu wina atawombera mfuti yamoto kudenga. Anakathera mu khonde la m'kati mwa Grand Hotel, yomwe inali yotseka nyengo yozizira, n'kutchinga ndi matiresi. Smoke on the Water ikufotokoza nkhani yomweyi. Nyimbo za pa chimbale chimenechi ndi zomangika bwino, chilichonse pamalo pake, ndipo wailesi imazilandira popanda vuto.

Made in Japan ndi nyama ina. Anajambula masiku atatu, pa 15 ndi 16 August 1972 ku Osaka, pa 17 ku Budokan mu Tokyo. Injiniya anali yemwe uja wa Machine Head, Martin Birch, koma uku anali ndi matiraki 8 okha. Inatuluka pa zimbale ziwiri, nyimbo 7 basi. Tangoganizani, nyimbo 7 kudzaza mbali zinayi! Ndiye kuti chimene munthu amagulira chimbalechi ndi zimene zimachitika mawu a nyimbo akatha, pamene Ritchie Blackmore wa gitala ndi Jon Lord wa limba ayamba kuthamangitsana, Ian Paice wa ng'oma ndi Roger Glover wa besi atagwira pansi. Mukadula Space Truckin' pa mphindi 5 mwaulutsa gawo lofanana ndi la mu studio, n'kutaya chimene mumafuna kuonetsa. Ndiye pulogalamu yofanizira ija yapita kuti? Nyimbo ya pa chimbalechi muziiulutsa yonse, apo ayi muisiye.

Gama: Ndamva madala. Koma otsatsa malonda sadikira mphindi 20.

Madala Chisale: N'chifukwa chake ndikuti aisiye, asankhe ina. Mwana wanga Naphiri, ola lanu lili ndi mphindi zingati zenizeni?

Naphiri: Tikachotsa nkhani zachidule ndi malonda, zikutsala 47, bambo.

Nabanda: Ndiye zitheka. Tsegulani ndi Highway Star ya ku Japan, ndi imenenso imatsegula chimbalecho, pafupifupi mphindi 7. Fotokozani za moto wa ku Montreux, ikani Smoke on the Water ya mu studio, yosakwana mphindi 6, pompo mutsatize ya ku Japan, yopitirira 7. Kufanizira kwanu kwachitikira pamenepo, pa nyimbo imene aliyense akuidziwa. Child in Time ya ku Japan ndi mphindi 12, ikhale yotsekera. Zonse pamodzi ndi pafupifupi 32. Mukaonjezera Space Truckin' ya mu studio mwafika cha m'ma 37, ndipo mwatsala ndi 10 zolankhula.

Chenjezo limodzi achemwali: Child in Time siili pa Machine Head, ili pa Deep Purple in Rock ya 1970. Omvera a nyimbo zimenezi sachedwa kuimba foni munthu ukaphonya.

Madala Chisale: Ndondomeko yabwino. Ndikanakhala ine, m'malo mwa Space Truckin' ya mu studio ndikanafinya zolankhula kuti Strange Kind of Woman ya ku Japan ilowe, ngakhale ili ya mphindi zoposa 9. Chakumapeto kwake Blackmore amaliza gitala, Gillan n'kuvomera ndi pakamwa mawu omwewo, kusinthana choncho. Munthu wa kuno amene anakulira m'nyimbo zoti wina ayambitsa ena avomera safuna womufotokozera pamenepo. Nthawi iliyonse imene ndinaiulutsa, ngakhale omvera osakonda rock ankaikonda.

Mbewe: China chimene chingakugwetseni: mayina a mafayilo. Smoke on the Water ziwiri zikakhala ndi dzina limodzi, kompyuta ikhoza kuziona ngati nyimbo yobwereza n'kudumpha imodzi. Lembani chimbale ndi chaka pa dzina la fayilo iliyonse. Pa log sheet ya COSOMA, pepala lolembapo nyimbo zimene mwaulutsa, muzilembenso padera, chifukwa ndi zojambula ziwiri zosiyana. Ndipo utali wa nyimbo muwerenge pa fayilo muli nayoyo, osati pa intaneti, poti zimbale zotulutsidwanso pa CD zimasiyana masekondi malinga ndi pamene anadulira m'manja.

Naphiri: Ndabwera ku studio. Injiniya wathu wavomera kutalikitsa silence detector Lamlungu usiku, ndipo ndakwezanso pang'ono chiyambi cha Child in Time. Yadutsa yonse osaduka. M'manja ndatsitsa monga ananenera a Gama, phokoso lija latha. Ndayesa Strange Kind of Woman m'malo mwa Space Truckin', ndatsala ndi mphindi zolankhula pafupifupi 5, ndiye nkhani ya Montreux ndiyenera kuilemba mwachidule kwambiri. Bambo Chisale, ndikaimaliza usiku uno ndikutumizirani muione ndisanajambule mawu mawa m'mawa.

Madala Chisale: Tumizani mwana wanga, ndikhala maso. Dzina la Martin Birch lisasowemo.