Nyumba yoti ndingadzaiphwasule n'kusamuka nayo imamangidwa bwanji?

Abale pagulu pano, makamaka amisiri, ndigawireni nzeru. Ndili ndi kamalo ku Moatize pomwe ndikufuna kumanga nyumba ya zipinda zitatu. Koma pepala la DUAT, lomwe ndi chilolezo cha boma chogwiritsa ntchito malo, silinatuluke, ndipo migodi ya malasha siili patali. Kuno ku Mozambique nthaka ndi ya boma, chathu ndi chimene tamangapo. Mabanja mazanamazana anasamutsidwira ku Cateme chifukwa cha mgodi wa malasha m'zaka za 2009 ndi 2010, ndiye sindinganene kuti ine sizingandigwere.

Chimene chimandiwawa n'chakuti nyumba ya simenti ikagwetsedwa, mwini wake amatolapo zitseko ndi malata obookabooka basi. Njerwa zonse zija, zomwe zinatha mitengo pootcha, zimakathera kukwirira maenje mumsewu. Ine ndikufuna nyumba yeniyeni, osati chisakasa, koma yoti njerwa, mawindo ndi denga ndingadzazichotse zili zabwinobwino n'kukamangira kwina. Bambo a kunyumba akuti yotereyo siingapirire namondwe ngati Ana uja wa mu Januwale 2022, yemwe madzi ake anagumula mlatho wa Revúbuè. Akunena zoona?

Mmisiri wa ku Ulongwe: Mayi, zimatheka. Simenti imalimba kuposa njerwa zathu zootcha, n'chifukwa chake pogumula imasweka ndi njerwa, simenti n'kutsala itakakamira. Inu simentiyo ikani pamaziko pokha, muyalepo pulasitiki wakuda kuti chinyezi chisakwere, khoma mumangire laimu wosakaniza ndi mchenga. Amauma mochedwa, musathamangitse omanga. Tsiku lophwasula mumayambira pamwamba, njerwa iliyonse n'kuipala ndi chikwanje, mbee! Denga lituluke ndithu kunja kuti mvula isamamenye khoma.

Wowotcherera wa ku Matundo: Ngakhale kuwotcherera ndiko kumandidyetsa, padenga pamenepo musawotcherere. Mangani ndi mabawuti, ndipo malata mugwire ndi masikuluu okhala ndi karabala aja, osati misomali. Msomali pouzula umang'amba lata. Mulembenso kutalikirana kwa mitanda papepala, kuti pomanganso mabowo akale adzagwere pomwepo. Za mphepo bambowo asade nkhawa kwambiri, denga limauluka ngati silinamangiriridwe kukhoma. Zitsulo zichokere pansi pamaziko n'kudzagwira dengalo.

Mayi wa ku Zóbuè: Ine ndikuona mavuto awiri achemwali. Chimene inu mungamasule ndi sipanala, mbava nayo imasula usiku umodzi. Chachiwiri, mukafunse bwino kwa odziwa malamulo, kuopa kuti owerengera chipukuta misozi angadzaitenge ngati nyumba yamatope chifukwa khoma lilibe simenti, n'kukupatsani zochepa.

Wowotcherera wa ku Matundo: Manati onse ayang'ane mkati mwa nyumba amayi, kunja kungooneka mitu yosalala yopanda pogwira sipanala.

Wofunsa: Zikomo nonse. Za chipukuta misozizo ndikafunsa ndisanagule ndi njerwa imodzi yomwe, chifukwa zandigunda pamtima. Koma a ku Ulongwe, pulasitala nayenso akhale wa laimu, kapena kunja kokha ndingapake simenti osawononga njerwa? Nanga laimu womangirayo ndi yemweyu timapaka m'makoma pa Khirisimasi, kapena ndi wina? Amene munamugulapo mu Tete muno mundiuze komwe amapezeka.