PHP kapena Go: tiyambe ndi chiyankhulo chiti pa webusaiti yomwe tikufuna idzakule?

Wa ku Luwinga:
Akuluakulu, ine ndi anzanga awiri tikukonza webusaiti yoti alimi a khofi ndi mpunga kuno kumpoto azigulitsirapo zokolola zawo, ogula n'kumalipira kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba. Tonse atatu timadziwa PHP, chiyankhulo cholembera mapulogalamu a pakompyuta, ndi Laravel, chida chomangira mawebusaiti mu PHP, koma mmodzi mwa ife waumirira kuti tiyambiretu ndi chiyankhulo china chotchedwa Go, ati PHP siingathe kunyamula anthu ambirimbiri nthawi imodzi. Kodi tisiye zomwe tikudziwa kale n'kuyamba kuphunzira chatsopano?

Wa ku Katoto:
Achimwene, musasiye ayi. Wikipedia, yomwe dziko lonse limawerenga, imayendera pulogalamu ya MediaWiki yolembedwa mu PHP, Facebook nayo inayamba ndi PHP mu 2004, pamene Instagram inakulira pa Python ndi Django. Kawirikawiri chimene chimagwetsa webusaiti ndi database (pulogalamu yosunga ndi kufufuza uthenga wa pa webusaitiyo), osati chiyankhulo. Chaka chatha ndinaitanidwa kukaona webusaiti ya sukulu ina yomwe inkafa pa tsiku lotulutsa zotsatira za mayeso, ndipo ndinapeza kuti wophunzira aliyense akalemba nambala yake, database yawo ya MySQL inkafufuza mzere ndi mzere m'tebulo lonse chifukwa panalibe index, mlozera wothandiza kupeza mzere wofunikawo mwachangu. Titaika index, n'kuwonjezera Redis kuti izisunga mayankho ofunsidwa kawirikawiri, seva (kompyuta yoyendetsa webusaitiyo) yomwe inalipo kale inakwanitsa bwinobwino popanda kusintha chiyankhulo.

Mayi wa ku Chibavi:
Bambo a ku Katoto anena zoona, komabe mnzanuyo musamuone ngati wosokoneza. Twitter inayamba ndi Ruby on Rails, ndipo anthu atachuluka inasamutsira mbali zolemera ku ziyankhulo za Scala ndi Java. Go, yomwe Google inatulutsa mu 2009, imatha kusamalira maulumikizano ambiri nthawi imodzi osadya RAM (memori ya kompyuta) yochuluka, ndipo kwa ife amene timalipira seva zakunja mu madola, pomwe ndalama zakunjazo zikuvuta kupeza m'mabanki, kachepedwe ka seva ndi nkhani ya m'thumba. Ndikanakhala inu, ndikanamanga zonse mu Laravel, kenako gawo lolandira mauthenga otsimikiza malipiro likadzayamba kulemedwa, ndikanalipatula lokhalo n'kulilemba mu Go.

Wa ku Mchengautuwa:
Funso langa ndi lakuti, mmodzi wa inu akadzapeza ntchito ku Lilongwe, adzagwire webusaitiyo ndani? Kuno ku Mzuzu odziwa PHP simungawasowe, ngakhale pakati pa ophunzira a ku Mzuni, koma odziwa Go mungawafune mpaka nsapato kutha. Muganizirenso za mlimi wa ku Misuku amene adzatsegule tsamba lanu pa foni ndi bandulo yochepa: zithunzi zikakhala zolemera adzalitseka lisanatseguke n'komwe, kaya seva ikuyendera chiyankhulo chanji.

Wa ku Luwinga:
Zikomo nonse. Tagwirizana zoyamba ndi Laravel, ndipo mnzathu wa Go uja tamupatsa gawo la malipiro kuti aziyeserapo. Bambo a ku Katoto, kodi Redis munaiika pa seva imodzi ndi MySQL, kapena munaipatsa yakeyake?