Ndani angandithandize kupeza nyimbo ya singeli iyi?

Moni nonse abale anga. Loweruka ndinapita ku shoo ya kakampani kena kodziimira pakokha kotulutsa nyimbo kuno ku London, zija zachilendo zija, wina akukwecha waya pa chitini wina akungopumira mu maiki, koma chakumapeto DJ anaponya nyimbo ya singeli, mtundu wa nyimbo za ku Dar es Salaam, yothamanga moti miyendo inakanika kutsatira, kakiyibodi kake kumalira ngati ka kwaya. Dzina lake sindikulidziwa ndipo ikundisowetsa tulo. App yozindikira nyimbo yakana, ndafufuza za Nyege Nyege Tapes, kampani ya nyimbo ya ku Kampala yomwe imatulutsanso singeli, pa tsamba logulitsa nyimbo la Bandcamp mpaka usiku osaipeza, DJ uja ndinamulembera ali zii. Ndinajambulako masekondi 40 pa foni, kungoti anthu akukuwa momwemo. Alipo womva Chiswahili kapena wotsatira singeli ndimutumizire pa WhatsApp?